Zida zomangira thupi zinalipo thupilo lisanabwere: za siponji, Nematostella ndi majini a Hox

Mu 1883 katswiri wina wa zinyama wa ku Germany, Franz Eilhard Schulze, ali pa ntchito ku Graz m'dziko la Austria, anaona kanthu kaphwatalala kakukwawa pagalasi la thanki ya madzi amchere. Kukula kwake kamilimita kamodzi, pena tiwiri titatu basi. Kalibe mutu, kalibe kamwa, kalibe matumbo, minofu kalibe, ubongo ndiye musafunse n'komwe. Kakafuna kudya kamangokhalira ndere n'kutulutsa timadzi togaya chakudya kunsi kwake kenako n'kumayamwa. Anakapatsa dzina loti Trichoplax adhaerens. Ukakaona umati aaa ichi n'chamoyo kapena ndi dothi chabe lamatirira pagalasi? Koma mu 2008 atawerenga DNA yake yonse anapeza majini pafupifupi 11,500, ife anthu tili ndi pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni, ndipo chodabwitsa sichinali chiwerengerocho ayi koma mtundu wa majiniwo, ambiri anali abale enieni a majini omwe mwa ife amamanga mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, maso ndi ziwalo zina zomwe kanthu aka kalibe n'komwe. Nde funso n'kumati kamatani nawo?

Ndisanapite patali, ndikamati majini sindikunena aja amagwira anthu kkkk, ndikunena tizigawo ta DNA tomwe timasunga malangizo opangira zinthu m'thupi. Ndipo mwa majini onsewo pali kagulu kakang'ono komwe ntchito yake si kupanga magazi kapena kugaya nsima, koma kuuza mluza kuti apa pakhale mutu, apa msana, apa mkono. Chifukwa taganizani, munthu amayamba ndi selo limodzi, limagawika kukhala awiri, anayi, mpaka mabiliyoni, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi DNA yofanana ndendende. Selo la m'diso ndi la m'chiwindi anyamula buku limodzi lomwelo, kusiyana kwake n'koti aliyense akuwerenga masamba ake. Amene amasankha masambawo ndi majini amenewa. Ena ali ngati akapitawo, puloteni yawo imakakhala pa DNA n'kuyatsa kapena kuzimitsa majini ena mazanamazana. Ena ndi amithenga, selo limatulutsa puloteni n'kufalikira kwa maselo oyandikana nawo, ndipo zimakhala ngati fungo la usipa wowotcha, pafupi ndi mbaula ndi lamphamvu, kutali likuchepa, moti utatseka maso ukhoza kudziwa kuti uli chapati. Selo nalo limadziwa malo ake choncho, uthenga ukachuluka limati ndili chakumutu kuno, ukachepa limati ndili kumchira. Amithenga otchuka ndi Wnt, BMP, Hedgehog ndi Notch, akapitawo otchuka ndi Hox, Pax, Sox ndi T-box, maina achilendo koma musatope nawo, tibwerera kwa atatu anayi okha.

Nkhani yonseyi inayambira pa tintchentche tija timazungulira nthochi zakupsa kwambiri. Mu 1915 Calvin Bridges ku New York anapeza kantchentche komwe mbali ina ya thupi inasanduka kufanana ndi mbali inzake, ndipo pambuyo pake Edward Lewis wa ku Caltech anathera zaka zambirimbiri pa zimenezi mpaka anapanga ntchentche ya mapiko anayi m'malo mwa awiri. Palinso ina yotchedwa Antennapedia, imeneyo miyendo imamera pamutu pomwe pamayenera kukhala tinyanga. Mwendo wabwinobwino, wopangidwa bwino, kungoti wamera pamalo polakwika, kusonyeza kuti amisiri anagwira ntchito yawo koma kapitawo ndi amene anawalozera polakwika. Lewis mu 1978 anaonetsa chinthu china chokoma kwambiri, choti majini amenewa amandandalikana pa kromozomu, kaulusi ka DNA ka m'selo, motsatira momwe ziwalo zimandandalikirana m'thupi, woyamba pamzere amayang'anira chakumutu, wotsiriza chakumchira. Analandira mphoto ya Nobel mu 1995 limodzi ndi Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus. Chapakati apo, mu 1984, magulu awiri, la Walter Gehring ku Basel ndi la Matthew Scott ku Indiana, anapeza kuti majini onsewa ali ndi kachigawo kofanana ka zilembo 180 za DNA komwe anakatcha homeobox, ndipo atangoyamba kukasaka mu nyama zina anakapeza mu chule, mu mbewa, mwa munthu. Majini ondandalikana aja ndi amene amatchedwa Hox, ntchentche ili nawo 8, ife tili nawo 39 m'magulu anayi, ndipo limodzi mwa iwo, HOXD13, likasokonekera mwana amabadwa ndi zala zomatana kapena zowonjezera.

Apa anthu ambiri anaganiza kuti chabwino, nkhani yamveka, nyama zomwe zili ndi mutu ndi mchira, kumanja ndi kumanzere, zili ndi zida izi chifukwa thupi lawo ndi lovuta kumanga, ndipo tinthu ta m'nyanja yamchere tokhala ngati jellyfish (nyama yofewa yoonekera mkati, yooneka ngati ambulera), makorali (tinyama tomanga miyala pansi pa nyanja) ndi siponji tiyenera kukhala ndi zida zochepa poti thupi lake ndi lachidule. Zomveka ndithu. Koma zinapezeka kuti si choncho, ndipo amene anagumula maganizo amenewa ndi kanyama kotchedwa Nematostella vectensis.

Nematostella ndi mbale wake wa jellyfish ndi makorali, kamaoneka ngati kachubu koonekera mkati ka masentimita ochepa, kumwamba kuli kamwa lozunguliridwa ndi timanja ngati duwa, kamakhala kokwiririka m'matope m'madambo a madzi amchere kugombe la kum'mawa kwa North America komanso kumwera kwa England. Bowo ndi limodzi lomwelo, polowera chakudya ndi potulukira zotsala. Asayansi amakakonda chifukwa sikavuta kuweta, ukangosintha kuwala ndi kutentha kamaikira mazira ambirimbiri pa nthawi yomwe ukufuna. Mzera wake ndi wathu unasiyana zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo. Mu 2005 ofufuza anawerenga majini ake a Wnt, ndipo mwa mabanja 12 a Wnt omwe amadziwika nthawi imeneyo, kanthu aka kanali ndi 11. Ntchentche ili ndi majini a Wnt 7 okha, kanyongolotsi ka m'labu kotchedwa C. elegans kali ndi 5. Mwaona pamenepo? Ntchentche yomwe ili ndi maso, mapiko, ubongo, ili ndi zochepa kuposa kachubu ka m'matope. Mu 2007 DNA yake yonse itatuluka, majini pafupifupi 18,000, zinaonekanso kuti m'njira zambiri kakonzedwe ka majini ake kakufanana ndi kathu kuposa momwe ka ntchentche kakufanirana ndi kathu, ngakhale kuti ntchentche ndi mbale wathu wapafupi kuposa iko. Tanthauzo lake n'loti kholo lakalekale lomwe tonsefe tinachokerako linali nazo kale zida zambiri, ndipo ntchentche ndi nyongolotsi zinataya zina m'njira.

Ndipo sikuti kamangosunga majiniwo ngati katundu wa m'sutikesi, kamawagwiritsa ntchito. Mluza wa Nematostella ukamakula, Wnt amayaka mbali yomwe kudzakhale kamwa, ndipo ukauthira mankhwala okweza uthenga umenewu mluza wonse umayamba kudziona ngati kamwa. Ku Vienna mu 2016 anadula timaselo ta m'mphepete mwa kamwa la mluza umodzi n'kukatiika pambali pa mluza wina, ndipo pamenepo panamera mutu wachiwiri, anapezanso kuti Wnt1 ndi Wnt3 ndi amene akuchita zimenezo. Zoterezi anthu a sayansi amazidziwira kwa Hans Spemann ndi Hilde Mangold omwe anazichita mu 1924 pa miluza ya abale ake a chule, Spemann mpaka analandira Nobel mu 1935. Koma mayi wina wa ku America, Ethel Browne, anali atachita kale zofanana nazo mu 1909 pa hydra, mbale wa Nematostella wa m'madzi opanda mchere, anadula kachidutswa ka pakamwa n'kukamezanitsa pathupi la ina n'kumera mutu wina, kungoti dzina lake silimveka kawirikawiri, ine zimenezi zimandinyansa pang'ono.

Za Hox ndiye zinavuta kwa nthawi yaitali. Nematostella ili nawo majini a Hox, ochepa, koma amachita chani mu nyama yopanda msana, yopanda mchira? Anthu anakangana zaka zoposa khumi, ena akuti amayala thupi kuchokera kukamwa kupita kunsi ngati mwa ife, ena akuti ayi. Mu 2018 gulu la Matthew Gibson ku Stowers Institute mu Kansas City linazimitsa majiniwo limodzilimodzi pogwiritsa ntchito njira yodulira DNA yotchedwa CRISPR ndi njira zina. Mkati mwa kanyama aka muli zipinda 8 zozungulira ngati tizigawo ta lalanje, ndipo zinapezeka kuti majini a Hox ndi amene amadula malire a zipindazo. Ukazimitsa limodzi malire ena amasowa, zipinda ziwiri zimasanduka chimodzi chachikulu, timanja timamera tomatana kapena togawika pawiri. Ndiye ntchito yogawa thupi m'zigawo n'kupatsa chigawo chilichonse dzina lake ndi yakale zedi, kungoti uku ikuchitika mozungulira pomwe mwa ife ikuchitika motsika ndi msana.

Palinso awiri ena, BMP ndi mdani wake chordin, omwe mwa ife amasiyanitsa kumsana ndi kumimba. Chosekesa n'choti mwa ife BMP amalamulira kumimba, mu ntchentche amalamulira kumsana, ngati kuti wina anatembenuzidwa chagada, ndipo Mfalansa wina, Étienne Geoffroy Saint-Hilaire, ananena zofanana ndi zimenezi mu 1822 atatembenuza nkhanu ya m'nyanja n'kuona kuti ziwalo zake zayalana ngati zathu, anzake ambiri sanamumvere. Nematostella kunja imaoneka yozungulira mofanana mbali zonse, koma mkati awiriwa amayaka mbali imodzi ya mluza n'kusiyanitsa mbali iyi ndi inayo. Kuzungulira kuja n'kwa kunja chabe.

Tsopano titsike pansi kwambiri, pa siponji. Osati ya kubafa ya pulasitiki ija, koma nyama yeniyeni yomwe imamatirira pamwala n'kumasefa madzi, ndipo zilipo ngakhale m'nyanja ya Malawi, mtundu wina mpaka dzina lake ndi Malawispongia. Siponji ilibe mitsempha, ilibe minofu, ilibe matumbo. Yomwe yafufuzidwa kwambiri ndi Amphimedon queenslandica ya ku Great Barrier Reef ku Australia, gulu la Bernard Degnan ku University of Queensland ndi lomwe lailimbikira, ndipo DNA yake inatuluka mu 2010. Hox ilibe, zoona. Koma ili ndi abale ake a Hox otchedwa NK ali pamzere wawo, ili ndi Pax, Sox, T-box, Notch, Wnt. Anthu amaiwala kuti siponji ikadali kamphutsi imasambira, ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo Wnt amayaka kumbuyoko, komwenso kuli kamkombero ka maselo akuda omwe amamva kuwala n'kuwongolera komwe kamphutsiko kakupita. Kakapeza mwala kamakhazikika n'kusanduka chinthu chopanda maonekedwe chija. Ilinso ndi majini ambiri omwe mwa ife amamanga polumikizirana maselo a ubongo, chonsecho selo la ubongo ilibe ngakhale limodzi. Zili ngati kulowa m'nyumba yopanda magetsi n'kupeza mawaya, masoketi ndi maswichi ali mbwee, akugwira ntchito zina, wina wayanikapo zovala.

Ndipo mukhoza kutsikabe, kutuluka mu nyama n'kulowa mu tizamoyo ta selo limodzi. Pali tina totchedwa choanoflagellate, kaselo kamodzi kokhala ndi kamchira kozunguliridwa ndi kolala, ndipo Henry James-Clark anaona kale m'ma 1860 kuti timafanana kwambiri ndi maselo osefa madzi a mu siponji. Nicole King wa ku Berkeley ndi anzake atawerenga DNA ya kena kotchedwa Monosiga brevicollis mu 2008 anapezamo majini a cadherin, omwe mwa ife ndi guluu womata maselo pamodzi. Kaselo kokhala kokha kali ndi guluu womatira maselo, eti. Kena, Salpingoeca rosetta, kamatha kukhala kokha koma kakamva mankhwala ochokera ku bakiteriya wina kamagawika osalekana n'kupanga kampira ka maselo angapo. Kenanso ka selo limodzi koma ka mtundu wina, Capsaspora, komwe gulu la Iñaki Ruiz-Trillo ku Barcelona limafufuza, kali ndi jini ya Brachyury yomwe mwa mbewa ndi mwa ife ndi yofunika pomanga msana wa mluza ndi mchira. Wnt ndi Hox mulibe mu tinthu timeneti, amenewo anabwera ndi nyama. Koma gawo lalikulu la zida linalipo nyama isanakhaleko, likugwira ntchito zina monga kugwira chakudya kapena kumva zomwe zikuchitika kunja kwa selo, kenako linabwerekedwa.

Kubwereka kumeneku ndi komwe ine ndimaona kuti ndi mtima wa nkhani yonse. Chisinthiko cha zamoyo sichikhala pansi n'kupanga chida chatsopano nthawi iliyonse pakafunika chiwalo chatsopano, chimatenga chomwe chilipo, pena jini imakopedwa kawiri mwangozi ndiye kope imodzi imapitiriza ntchito yakale inayo n'kumasuka kuyamba ina, pena jini ndi yomweyo koma swichi yake yasintha moti ikuyaka malo ena, nthawi ina, kapena mwamphamvu kuposa kale. Magulu athu anayi a Hox anabwera mwa kukopa komweku, DNA yonse inawirikizidwa kawiri, kenako kawirinso, kumayambiriro kwa nyama za msana, ndipo kanyama kooneka ngati kansomba kotchedwa amphioxus, mbale wapafupi wa nyama za msana, komwe kamakwiririka mumchenga kakadali ndi gulu limodzi lokha la majini 15. Za maswichi chitsanzo chili pakhomo pomwepa, mbuna za m'nyanja ya Malawi. Craig Albertson, Thomas Kocher ndi anzawo mu 2005 anayerekeza Labeotropheus fuelleborni, yomwe imapala ndere pamiyala ndi chibwano chachifupi cholimba, ndi Metriaclima zebra ya chibwano chopyapyala, ndipo anapeza kuti kusiyanako kukukhudzana ndi kuchuluka kwa bmp4 pomwe chibwano chikupangidwa. BMP yemwe uja wosiyanitsa mbali mu kachubu ka m'matope, kuno akuumba nsagwada za nsomba ku Cape Maclear. Mu mbalame za ku Galápagos zomwe Darwin anatolera jini yomweyi imakhudzanso kukhuthala kwa mlomo. Za maso nazo chimodzimodzi, mu 1995 gulu la Gehring linayatsa jini ya Pax6 pamiyendo ndi pamapiko a ntchentche ndipo panamera maso, ngakhale atagwiritsa ntchito Pax6 ya mbewa maso omera anali a ntchentche. Jellyfish ina ya ku Caribbean, Tripedalia cystophora, ili ndi maso 24, ena okhala ndi lenzi, ndipo jini yake ya PaxB ataiika mu ntchentche mu 2003 nayonso inameretsa maso.

Koma pali msampha umodzi womwe ngakhale ophunzira amagweramo, woganiza kuti siponji kapena Trichoplax ndi agogo athu omwe anangoima osasintha. Ayi, ndi asuweni, akhala akusintha zaka zofanana ndi zathu, ndipo kusinthako nthawi zambiri ndi kutaya. Chitsanzo choopsa ndi tizilombo totchedwa myxozoa tomwe timadwalitsa nsomba, kwa zaka zambiri anthu ankatiyesa tizamoyo ta selo limodzi, kenako DNA inaulula kuti ndi abale a jellyfish omwe anasankha moyo wodyera m'thupi la ena n'kutaya pafupifupi chilichonse, thupi, matumbo, ndi majini ambiri omangira thupi. Nde ukaona nyama ilibe Hox sungathamangire kunena kuti sinakhalepo nayo. Mu 2012 gulu la David Ferrier ku St Andrews ku Scotland linayang'ana majini omwe mwa nyama zina amakhala moyandikana ndi Hox, n'kupeza kuti mu siponji aneba aja alipo ndipo akadali pamodzi, mwini nyumba yekha ndiye palibe, ngati bwinja lomwe mitengo ya mango ikadalipo. Iwo anati ndi umboni woti Hox analipo kale siponji n'kumutaya. Ena sagwirizana nazo, mkangano ukadalipo. Trichoplax uja ali ndi jini imodzi ya m'banja limeneli, Trox-2, yomwe imayaka m'mphepete mozungulira thupi lake ndipo ikazimitsidwa kanyamako kamasiya kukula.

Mkangano waukulu kuposa onse ndi woti ndani anayamba kupatuka pa mtengo wa nyama. Kwa zaka zoposa 100 yankho linali siponji, poti ndi yosavuta kuposa zonse. Mu 2008 Casey Dunn ndi anzake anatulutsa zotsatira zoti ayi, ndi ctenophore, tinyama toonekera mkati tokhala ngati jellyfish koma tosambira ndi mizere 8 ya titsitsi tonyezimira. Vuto n'loti ctenophore ili ndi mitsempha yotumiza mauthenga ndi minofu. Ngati inapatuka siponji isanapatuke, ndiye kuti mwina siponji inali ndi mitsempha n'kuitaya, kapena mitsempha inayambika kawiri payokhapayokha, zonse ziwiri n'zovuta kumeza. DNA ya ctenophore yotchedwa Mnemiopsis leidyi, yomwe ija inalowa mu Black Sea m'ma 1980 kudzera m'madzi a sitima n'kuwononga usodzi, inatuluka mu 2013, Hox mulibe, ndipo majini angapo omwe mitsempha yathu imadalira mulibenso. Mu 2023 Darrin Schultz ndi anzake anabwera ndi njira ina, m'malo moyerekeza zilembo za majini anayang'ana kuti ndi majini ati amakhala pa kromozomu imodzi, n'kupeza kuti ctenophore ikufanana ndi tizamoyo ta selo limodzi pomwe siponji ikufanana ndi nyama zina zonse, zomwe zikuikira kumbuyo ctenophore. Ine umboni umenewu umandikoka, chifukwa makromozomu akaphatikizana n'kusakanikirana sabwereranso mwakale, ngati ufa wa mgaiwa ndi woyera ukasakaniza. Koma a mbali ya siponji sanagonje.

Majini omwewa asandukanso ngati mapu owerengera matupi omwe maso athu amalephera kuwamvetsa. Tengani starfish, nyama ya manja asanu ija yooneka ngati nyenyezi. Ndi mbale wathu wapafupi kuposa ntchentche, kamphutsi kake kali ndi kumanja ndi kumanzere bwinobwino, koma ikakula mutu uli kuti, mchira uli kuti? Akatswiri anakangana zaka zambiri, ena ankati dzanja lililonse lili ngati thupi palokha, ena ankati mutu ndi kunsi komwe kuli kamwa. Mu 2023 Laurent Formery ndi Christopher Lowe ku Hopkins Marine Station ya Stanford anatenga mtundu wotchedwa Patiria miniata n'kuyang'ana komwe majini a kumutu, a pakati ndi a thunthu amayaka. Majini omwe mwa ife amamanga kutsogolo kwa ubongo anayaka pakati pa dzanja lililonse motsata mzere wa timiyendo take, a chakumbuyo kwa mutu anayaka cham'mphepete, ndipo a thunthu, a Hox aja omwe amayala chifuwa ndi mimba, pakhungu ndi m'mitsempha yake sanaoneke, anangopezeka mkati mwenimweni. Kunena kwina starfish ndi mutu wokhawokha wotambasuka mbali zisanu, ukukwawa pansi pa nyanja kamwa lili pansi.